Foni ya pa intaneti pakhomo ku Chigwa cha Shire: zoyenera kuyesa musanasankhe kampani

Banja la ku Nchalo, Ngabu kapena Bangula limene lili ndi mwana ku Joni, mlamu ku Tete ndi mdzukulu pasukulu ku Zomba limadziwa mmene mayunitsi amathera. N'chifukwa chake ambiri akufunsa za kuimba foni kudzera pa intaneti, zimene akatswiri amazitchula VoIP, ndipo funso lawo limakhala lakuti kampani yotchipa ndi iti. Funsolo ndi labwino, koma kuno kuchigwa limabwera pachitatu. Loyamba ndi lakuti amene mukumuimbirayo ali ndi foni yamtundu wanji. Lachiwiri ndi lakuti netiweki ndi magetsi a pakhomo panu angathe kunyamula mawu nthawi yamadzulo, pamene aliyense ali pa foni. Makampani ambiri amene mumawaona akutamandidwa pa intaneti, monga Vonage, Ooma ndi magicJack, anakonzera malonda awo makamaka anthu a ku America amene ali ndi intaneti ya waya m'nyumba ndi magetsi osathima, ndipo Google Voice salembetsa munthu amene akukhala ku Malawi. Kuwerenga mndandanda wa makampani amenewo uli ku Nsanje n'kungodzitayitsa nthawi.

Pa foni wamba, mawu anu amayenda pa njira imene kampani yakupatulirani inu nokha mpaka mutadula. Pa intaneti si choncho. Mawu amadulidwa tizidutswa, kawirikawiri kachidutswa kamodzi pa mamilisekondi 20 alionse, ndiye kuti tizidutswa 50 pa sekondi. Tizidutswato timayenda limodzi ndi mavidiyo, zithunzi ndi mauthenga a anthu ena onse amene ali pa nsanja imodzi ndi inu, ndipo foni ya mnzanuyo imatilumikizanso kuti timveke ngati mawu. Kachidutswa kakachedwa kapena kutayika panjira, palibe nthawi yokatumizanso, chifukwa kukambirana kwapita kale patsogolo. Kudukaduka kwa mawu kumene mumamva kuja ndi kumeneko.

Njira zoimbira zilipo zitatu, ndipo anthu amazisokoneza. Yoyamba ndi ya pulogalamu kuimbira pulogalamu inzake: WhatsApp, Messenger, Telegram, Signal. Apa simulipira kampani ya pulogalamuyo, mumangodya bandulo, koma onse awiri muyenera kukhala ndi foni yamakono ndi data. Yachiwiri ndi ya pulogalamu kuimbira nambala wamba, monga amachitira Viber Out, Rebtel, Yolla ndi Talk360: woimba amagula ndalama zoimbira, ndipo wolandira amayankha ngakhale pa kafoni ka mabatani. Skype, imene inali yotchuka pa ntchito imeneyi, inatsekedwa mu Meyi 2025, choncho malangizo akale amene akuitchulabe muwasiye. Yachitatu ndi yokhala ndi akaunti ya SIP, kutanthauza akaunti yoimbira foni imene mumatsegula ku kampani ya pa intaneti, imene imatha kubwera ndi nambala yakeyake, ndipo mumaigwiritsa ntchito pa pulogalamu kapena pa lamya ya patebulo yolumikizidwa ku rauta.

Mabanja ambiri sayenera kufika pa yachitatuyo. Ngati agogo ku Makhanga ali ndi kafoni ka mabatani ndipo woimba ndi mwana wawo wa ku Johannesburg, pakhomo sipafunika kugula kalikonse. Mwanayo ndiye asankhe kampani ya njira yachiwiri, alipire ndi ndalama za kumeneko, agogo azingoyankha. Ngati pakhomo pali mnyamata wokhala ndi foni yamakono, WhatsApp yakwana. Akaunti ya SIP imathandiza pamene mukufuna nambala ya dziko lina yoti izilira m'nyumba mwanu, mwachitsanzo nambala ya +27 kuti abale kapena makasitomala a ku South Africa aziimba pa mtengo wa kwawo. Nambala yotere imalipiridwa mwezi ndi mwezi, ndipo makampani ambiri amafuna chiphaso, ena amafunanso adiresi ya m'dziko la nambalayo.

Kuimbira nambala za +265 kudzera m'makampani akunja sikutchipa ngati mmene anthu amaganizira. Kampani yakunja imayenera kulipira Airtel kapena TNM pa mphindi iliyonse imene yalowetsa foni mu netiweki yawo, ndipo mtengo umenewo ndi wokwera. Choncho kuimbira munthu wa ku Chikwawa uli ku Nsanje kudzera pa Viber Out n'kuzungulira mtunda pachabe: bandulo ya mphindi ya kampani yakwathu konkuno imaposa. Njira yachiwiri ija imapindulitsa poimbira kunja, makamaka manambala a ku Britain kapena America, kumene mtengo wolowetsera foni ndi wotsika kwambiri.

Tsopano nkhani ya netiweki, imene ndi yaikulu kuposa zonse. M'chigwa muno waya wa intaneti wofika m'nyumba za anthu ndi wosowa, ndipo pafupifupi aliyense amadalira Airtel kapena TNM, kaya pa foni, pa MiFi (kachipangizo ka m'thumba kogawa intaneti) kapena pa rauta yolowa simu khadi. Starlink, intaneti yodzera pa satelayiti, inayamba kupezeka m'dziko muno mu 2023. Palibe amene angakuuzeni zoona kuti kampani yakuti ndi yabwino m'chigwa monse. Pa Dyeratu pangathe kugwira bwino imodzi, kuseri kwa phiri kwa Chapananga n'kugwira inayo, ndipo ku East Bank, m'munsi mwa mapiri a Thyolo, nyumba ziwiri zotalikirana mamita 300 zimatha kusiyana. Muyenera kuyesa nokha, m'chipinda chimene muziimbiramo.

Timizere ta netiweki ta pamwamba pa foni musatikhulupirire. Pa foni ya Android lowani mu Settings, kenako About phone, kenako SIM status, ndipo muona nambala yokhala ndi dBm kumapeto, imene imasonyeza mphamvu ya netiweki. Pa 4G, nambala ya -80 mpaka -90 ndi yabwino, -100 ndi yongokwanira, ndipo ikatsika kudutsa -110 mawu ayamba kuvuta. Yendani nayo foni m'nyumba: pawindo loyang'ana kumene kuli nsanja, pakhonde, pamwamba pa kabati. Denga lamalata limatchinga kwambiri, ndipo si zachilendo kupeza kusiyana kwa 10 dBm pakati pa chipinda chogona ndi windo la pabalaza.

Mukatero ikani pulogalamu yoyesera liwiro, monga Speedtest, koma musatengeke ndi nambala yaikulu ya Mbps. Kuimba kwa mawu okha sikufuna ngakhale 1 Mbps. Zofunika ndi zitatu zing'onozing'ono. Ping ikuonetsa nthawi imene kachidutswa kamatenga kupita ndi kubwerera. Bungwe la dziko lonse loona za mafoni la ITU limalangiza kuti ulendo wa mawu kuchoka pakamwa pa woyankhula kufika kukhutu kwa womvera usapitirire mamilisekondi 150, ndipo ukadutsa 400 anthu amayamba kulankhulira pamodzi n'kumafunsana kuti "mukundimva?" Jitter ikuonetsa kusiyana kwa nthawi imene tizidutswa tikufikira, ndipo ikhale pansi pa mamilisekondi 30. Chachitatu ndi kutayika kwa tizidutswa, kumene kukapitirira 1 pa 100 khutu limayamba kuzindikira. Netiweki ya 20 Mbps yokhala ndi jitter ya 120 imamveka moipa kuposa ya 2 Mbps yokhazikika.

Kuyesaku kuchitike masiku atatu kapena anayi, m'mawa cha m'ma 6 koloko, masana, ndiponso pakati pa 7 ndi 9 koloko madzulo. Yamadzuloyo ndiye yoona, chifukwa ndi nthawi imene nsanja imadzaza, ndipo ndi nthawi yomweyo imene wa ku Joni amakhala ataweruka. Yesaninso tsiku lamsika ngati muli pafupi ndi msika, komanso pamene magetsi athima kwa maola angapo, kuti muone ngati nsanja yanu ili ndi jenereta kapena mabatire olimba. Simu khadi ya kampani inayo mungathe kubwereka kwa neba. Lembani zonse papepala. Pepala limenelo likuuzani zambiri kuposa wogulitsa marauta.

A m'malire, ku Marka, ku Nsanje boma ndi m'mbali mwa Ruo, ali ndi vuto lina lapadera. Foni imatha kudumphira yokha pa nsanja za ku Mozambique za Movitel, Vodacom kapena Tmcel, ndipo ikatero bandulo yanu ya ku Malawi siigwira, mayunitsi ndiye amadyeka pa mtengo wa munthu amene ali kunja. Lowani mu Mobile networks, zimitsani kusankha netiweki kwa Automatic, musankhe nokha kampani yanu, ndipo muzimitsenso Data roaming. Chitani chimodzimodzi pa rauta.

Kuchuluka kwa data imene kuimba kumadya kumatengera njira yopanikizira mawu, imene amaitcha codec. Ya G.711 imanyamula 64 kbps, ndipo mukaonjeza zolemba za pa kachidutswa kalikonse imafika 80 kbps mbali imodzi. Mbali ziwiri ndi 160 kbps, kutanthauza 1.2 MB pa mphindi. Ya G.729 imanyamula 8 kbps yokha, imafika 24 kbps ndi zolembazo, ndipo pa mphindi imadya pafupifupi 0.36 MB. Banja loimba mphindi 20 tsiku lililonse lidzadya 720 MB pa mwezi ndi G.711, kapena 216 MB ndi G.729, ngakhale mawu a G.729 amamveka opyapyala pang'ono. Kampani ya SIP imene imalola codec ina yotchedwa Opus ndi yabwino kwa ife, chifukwa Opus imatha kudzichepetsa netiweki ikafooka ndiponso imabisa bwino tizidutswa totayika. Pa WhatsApp mungathe kuona nokha: mu Storage and data muli Network usage, imene imasonyeza ma MB amene kuimba kwadya, ndipo pomwepo pali batani la Use less data for calls. Kuimba koonana nkhope kumadya kangapo kuposa apa, ndipo ndi kumene kumamaliza mabandulo a anthu ambiri.

Chenjerani ndi mtundu wa bandulo. Ya WhatsApp kapena Facebook yokha imatsegula mapulogalamu amenewo basi. Viber Out, Rebtel ndi akaunti ya SIP zimafuna bandulo ya intaneti yonse. Bandulo ikatha muli pakati pa nkhani, foni ikhoza kuyamba kudya mayunitsi pa mtengo wokwera, ndiye musasiye mayunitsi ambiri mu simu khadi ya mu rauta.

Poyerekeza mitengo ya makampani oimbira nambala wamba, mtengo wa pa mphindi umene alemba ndi zilembo zikuluzikulu sunena zonse. Funsani ngati amawerengera pa sekondi kapena pa mphindi yathunthu, ndiponso ngati pali ndalama ina imene amalipiritsa foni ikangoyankhidwa. Tiyeni titenge ziwerengero zongoyerekeza. Kampani yoyamba ikudula K200 pa mphindi, powerengera masekondi. Yachiwiri ikudula K150 pa mphindi yathunthu, kuonjezapo K100 pa kulumikiza. Mukaimba mphindi imodzi ndi masekondi 10 kungofunsa ngati ndalama zafika, yoyamba idya K233, yachiwiri idya K400. Mukacheza mphindi 20, yoyamba idya K4,000, yachiwiri K3,100. Yotchipa ndi iti? Zikutengera kaimbidwe ka pakhomo panu. Onaninso ngati mtengowo ndi wa nambala za m'manja kapena za lamya ya patebulo, poti zimasiyana kwambiri, ngati ndalama zosagwiritsidwa ntchito zimafa pakapita miyezi ingapo, ndiponso malire obisika m'mawu akuti "kuimba kopanda malire".

Kalipiridwe kamagwetsa makampani ambiri pa mndandanda. Ambiri amafuna khadi ya Visa kapena Mastercard ndipo amalipiritsa mu madola kapena mayuro. Ndi kusowa kwa ndalama zakunja, mabanki amaika malire pa zogula za kunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cholipiridwa mu madola chinakwera tsiku limodzi. Kawirikawiri njira yosavuta ndi yakuti m'bale wa kunjayo ndiye azithira ndalama mu akaunti. Musayatse zoti khadi izithira yokha ndalama zikatha.

Gulani ndalama zochepetsetsa zimene kampani ikulola, muyese. Imbirani manambala atatu amene mumaimbira kawirikawiri, nthawi yamadzulo, ndipo mufunse wolandirayo zinthu ziwiri: nambala imene yaoneka pa foni yake, ndiponso ngati akumva mawu ake akubwerera. Makampani otchipitsitsa amadutsitsa mafoni m'njira zachidule, zina zosaloledwa ndi malamulo, monga mabokosi odzaza masimu khadi. Chizindikiro chake n'chakuti foni yochokera kunja imaoneka ngati nambala yachilendo ya 088 kapena 099, imatenga nthawi yaitali isanalire, ndipo nthawi zina imayamba kudya ndalama munthu asanayankhe. Agogo amene anachenjezedwa za akuba a pa foni sayankha nambala yachilendo, ndiye kutchipa koteroko kulibe phindu.

Kwa amene mwasankha SIP ndi lamya ya patebulo, chofunika ndi kabokosi kotchedwa ATA, monga Grandstream HT801. Waya wa lamya umalowa pa kabowo kolembedwa Phone, waya wa netiweki umachoka pa kabokosiko kupita ku rauta, ndipo lamya yakale ya nthawi ya MTL imagwira bwinobwino. Mu kabokosimo mumalemba adiresi ya seva, dzina la akaunti ndi pasiwedi zimene kampani yakupatsani. Mavuto amene amabwera ndi odziwika. Loyamba ndi lakuti inu mukutha kuimba koma akakuimbirani lamya siilira. Chifukwa chake n'chakuti makampani a foni za m'manja amaika makasitomala ambiri kuseri kwa adiresi imodzi ya intaneti, ndipo kanjira kanu kakakhala chete kwa kanthawi amakatseka. Mu kabokosimo yatsani keep-alive, imene imachititsa kuti kanjirako kasakhale chete, ndipo nthawi yolembetsanso ku seva muitsitse kufika masekondi 60 kapena 120. Lachiwiri ndi lakuti mawu akumveka mbali imodzi yokha. Kawirikawiri wolakwa ndi SIP ALG ya mu rauta, imene imasintha mauthenga a SIP ngati ikuthandiza pamene ikuononga. Izimitseni, kapena gwiritsani ntchito TLS, njira yobisa mauthengawo, ngati kampani ikulola. Lachitatu ndi kudukaduka pamene ana ali pa TikTok. Rauta ikakhala ndi QoS, yosankhira chipangizo choyamba kupatsidwa intaneti, ikani kabokosiko patsogolo. Ikapanda, lamulo la pakhomo ndilo ligwire ntchito. Pasiwedi imene kabokosi kanabwera nayo muisinthe tsiku loyamba, chifukwa pali akuba amene amasakasaka maakaunti a SIP n'kuimbira manambala odula akunja usiku umodzi mpaka ndalama kutha.

Ena amagwiritsa ntchito foni ngati hotspot m'malo mwa rauta. Zimatheka, koma foni yopanda VoLTE (kuimba foni wamba pa 4G) ikalandira foni wamba imatsikira ku 3G kapena 2G, ndipo intaneti ya onse olumikizidwa imafooka kapena kuima kumene.

Magetsi ndi kutentha ndi kumene chigwa chimasiyanira ndi Blantyre. Lamya yakale ya waya inkagwira magetsi atathima chifukwa mphamvu inkabwera mu waya womwewo. Ya intaneti imafa pamodzi ndi rauta. Namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi 130 MW kwa nthawi yoposa chaka, ndipo Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa mapolo ndi kudula misewu. Aliyense wa kuno akukumbukira masiku amenewo. Mwayi wake, zipangizozi sizidya kwambiri. Rauta ya 4G imadya mawati 5 mpaka 10, kabokosi ka ATA mawati osapitirira 5. Batire ya 12V 7Ah imasunga 84 Wh, koma ya asidi simuyenera kuikhetsa kupitirira theka, ndiye muli ndi 42 Wh: maola anayi pa mawati 10. Kuti mudutse usiku wonse pezani ya 20Ah kapena kuposa, ndi sola ya mawati 30 mpaka 50 yokhala ndi chowongolera kutchaja. Marauta ambiri amalowa 12V, choncho mungathe kuwalumikiza ku batire popanda inveta, imene imangodya mphamvu pachabe. Onani zolembedwa pa tchaja kaye, chifukwa ena ndi a 9V kapena 5V, ndipo ikani fyuzi pa waya. Dishi yaikulu ya Starlink imadya mawati 50 mpaka 100, ndiye batire yake ndi nkhani ina, ndiponso mvula yamphamvu imatha kuidula kwa kanthawi.

Marauta ambiri a m'nyumba analembedwa kuti agwire ntchito mpaka madigiri 40. Mu Okutobala ndi Novembala ku Ngabu kapena ku Nsanje panja pamafika pamenepo ndi kupitirira, ndipo pansi pa malata opanda siling'i kumatentha kuposa apo. Rauta yopachikidwa pafupi ndi denga pofuna netiweki imayamba kuzimazima cha m'ma 1 koloko masana, eni ake n'kumadandaula za kampani. Ikhale pa windo la mthunzi, mphepo izidutsa, osaiphimba ndi kansalu koteteza fumbi. MiFi imene imakhala pa tchaja usana ndi usiku m'kutentha kotere imatupa batire, ndipo ikangoyamba kutupa musaigwiritsenso ntchito. Batire ya asidi nayo moyo wake umafupika ndi theka pa madigiri pafupifupi 10 alionse opitirira 25, ndiye ikhale pamalo ozizira, koma osati pansi ngati kwanu kumalowa madzi a Shire, Mwanza kapena Ruo. Ngati netiweki ikupezeka pamwamba pokha, gulani eriyo yakunja muimangirire pa mtengo, waya wake usapitirire mamita 5 mpaka 10, chifukwa waya wautali umadya mphamvu imene eriyoyo yakoka. Ziphaliwali zikayamba, zulani wayayo.

Pali zinthu zimene foni ya pa intaneti siingachite, ngakhale kampani itakhala yabwino chotani. Kudzera m'makampani akunja simungaimbe manambala afupiafupi a kuno, monga 997 ya apolisi kapena 116 yothandiza ana. Simungaimbe *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba, ndipo mauthenga a manambala achinsinsi ochokera kubanki amabwera pa simu khadi. Madzi akasefukira, 2G yongoimbira ndi kutumiza SMS imatha kugwirabe pamene data yafooka. Choncho pakhomo pazikhala kafoni ka mabatani kotchajidwa, kokhala ndi simu khadi yolembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, ndipo ngati n'kotheka ya kampani yosiyana ndi imene ili mu rauta. Muziigwiritsa ntchito mwa apo ndi apo, chifukwa simu khadi yokhala miyezi osaimba imatsekedwa ndipo nambala imaperekedwa kwa wina. Dandaulo la bandulo kapena netiweki limayambira ku kampani yanu, ndipo mukapanda kuthandizidwa limapita ku MACRA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni m'dziko muno; la kampani yakunja ya pa intaneti limathera pa imelo, choncho musasunge kumeneko ndalama zoposa za mwezi umodzi.